Chala cha a Mwalimu Sumani

Dzulo tinali pa arobaini ya a Mwalimu Sumani, tsiku la makumi anayi chiwaikireni m'manda, ndipo ine ndabwerako mawu atasasa. Si kulira ayi. Kulira tinalira kale, tinamaliza. Dzulo kunali duwa, ndiwo mapemphero athu, kunali kuimba, kunali mpunga wa nyama ya mbuzi, mpaka anyamata a kabaza a pa Nathenje analephera kupalasa njinga pobwerera. Ee, sadaka ya munthu wabwino imakoma mchere wake!

Ndiye ndati ndilembe. Ine sukulu yanga ndi ya kwacha, ndinaiyamba zidzukulu zili kale kumsana, ndipo zilembo zanga zimayenda ngati nkhuku zothawa mvula. Koma ziyende choncho, bola zifike. Bambo amenewa ndinawaona ndi maso angawa, ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo chimene anachita tsiku lina ku esiteti ya fodya, ndikachikumbuka thupi lonse limachita tsembwe mpaka lero.

Anali wamtali a Mwalimu, woonda ngati nsungwi, kofiya yoyera pamutu, mkanjo wa zigamba zosokedwa bwino kuposa mkanjo weniweniwo. Ntchito yawo inali utelala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Nathenje, pafupi ndi pamene maminibasi amaimira. Atakalamba maso awo anachita zodabwitsa: chapafupi sankachiona, chakutali ankachiona kuposa mwana. Ulusi m'singano ankawalowetsera aliyense wodutsa, kaya wogulitsa nthochi, kaya kondakitala. Koma minibasi ikangotulukira kuchokera ku Diamphwe, ife tikuona kadontho chabe, iwo ankanena kale kuti ndi ya uje, ndipo padenga yanyamula matumba atatu ndi mpando.

Lachitatu ndi Loweruka, swala, pemphero lathu la masana, ikatha, ankatiphunzitsa ife amayi akuluakulu ku madirasa, sukulu ya pa mzikiti. Tinalipo gulu, ambiri a imvi, ena obadwira m'Chisilamu, ena ngati ine olowera pabanja. Ankati sikokwanira kuimba mawu a Chiarabu ngati mbalame, tizidziwako ndi chimene mawuwo akunena. Mawu olozera zinthu zapafupi anatiphunzitsira m'nyumba momwemo, akugwira buku, akugwira mkeka, akugwira ndodo yawo. Koma titafika pa mawu olozera zakutali, anatseka buku nati tinyamuke. Anati mawu amenewa m'nyumba samveka, makoma amawapanikiza.

Kuseri kwa mzikiti kuli chulu chachikulu. Pamenepo ndi pamene panali sukulu yathu. Agogo okhaokha kukwera chulu, wina kukoka mnzake, wina kugwira chitenje, a Mwalimu ali kale pamwamba, mkanjo ukupepeluka.

Mawuwo ndi atatu, ndiwatchule mmene pakamwa pathu pamathera. Zalika, ndiko kuti uyo, mwamuna ali kutali. Tilika, uyo, mkazi ali kutali. Ulaika, awo, anthu ambiri ali kutali. A Mwalimu ankatambasula mkono, chala njo, kuloza phiri la Nkhoma.

"Zalika!"

Ife tonse, "Zalika!"

"Ayi, amayi anga, ayi. Mawu oyambawo lilime lituluke pang'ono, likhale pakati pa mano."

Abiti Kasimu, mnzanga wa pamtima, amene pakamwa pake sipakhala chitseko, anayasamula kukamwa konse kuti aone. "Mano ake ati, a Mwalimu? Awiri atsalawa sagwirizana, lina lili kum'mawa, lina kumadzulo."

Tinaseka mpaka mmodzi anatsetsereka pachulu. A Mwalimu nawonso anaseka, ndevu zikugwedezeka, nati chabwino, Mulungu amamva ndi Chiarabu cha nkhama zomwe.

Tsiku lina anatiuza kuti kwa Aarabu ngakhale zinthu zili ndi amuna ndi akazi: phiri amaliloza ngati mwamuna, mtengo amauloza ngati mkazi. Abiti Kasimu anawomba m'manja. "Aarabuwo ndi anzeru! Phiri limangokhala phee chaka ndi chaka, wobereka ndi mtengo." A Mwalimu anati zimenezo m'buku mulibe, koma sakutsutsa.

Anali ndi mawu awo amene ankabwereza mpaka tinatopa nawo. Ankati chinthu chapafupi usachikhulupirire kwambiri, chimasuntha. Nyumba imagwa, mtengo amadula, njira imapatuka, mnansi amasamuka. Chimene sichisuntha ndi chakutali. Ankati munthu wosochera asayang'ane pamapazi ake, adzutse mutu. Ife tinkangoti ndi nkhani za ku mzikiti, za kumwamba. Sitinkadziwa kuti bamboyu akunena za ntchito ya manja ake.

Kuloza kumeneku kunawabweretsera milandu. Paja kuno kwathu chala sichiloza chilichonse. Suloza apongozi, suloza dzungu lanthete, lingawole, ndipo koposa zonse suloza manda, chala chingapindike. Timaloza ndi mlomo, kapena ndi nkhonya. Tsono pakati pa chulu chathu ndi phiri la Nkhoma panali munda wa a Nangondo, ndipo m'mundamo munali maungu. Tsiku lina tikuimba zalika wathu, zala khumi ndi ziwiri zili m'mwamba, tinangomva kukuwa kuchokera m'chimanga.

"Inu a Mwalimu! Mwasonkhanitsa agogo onsewa kuti andiwoletsere maungu?"

"Pepani mayi, chala changa chikudutsa pamwamba. Chikupita kuphiri."

"Chanucho chikupita kuphiri. Nanga cha Abiti Kasimu chonjenjemeracho chikupita kuti?"

Chaka chimenecho mvula inachuluka, maungu anawoladi. A Nangondo anatha miyezi osawapatsa moni a Mwalimu, zovala zawo zong'ambika ankapita nazo kwa telala wa ku Mitundu, ulendo wonsewo. A Mwalimu sanasamuke pachulu. Anangotilamula kuti tizikweza mikono kwambiri. Dzulo pa arobaini a Nangondo analipo, analira kuposa tonse, koma potsuka mbale anandinong'oneza kuti, "Anali munthu wa Mulungu, komatu maungu anga aja anawola ndithu."

A Mwalimu anakanganaponso ndi shehe wina wachinyamata amene anabwera kuchokera ku maphunziro akunja. Iye ankati amayi aziphunzira m'kalasi, pa bolodi, ndi choko, osati kumakwera zulu ngati mbuzi. A Mwalimu anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anamupempha kuti alembe phiri pa bolodipo, ndipo akalemba aliike kutali. Nkhani inathera pomwepo, ngakhale awiriwa sanakondane kwenikweni mpaka imfa.

Chala cha a Mwalimu cha mkombaphala, cha kudzanja lamanja, chinali chopindika pang'ono kunsonga. Anthu ankanong'ona kuti mwaona, ndi zija zolozaloza. Iwo ankati chinalasidwa ndi singano ya makina. Ankatinso chala chimenechi amachikweza pa swala kasanu pa tsiku kuchitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi, ndiye sichingaope kuloza chinthu choona. Chimene chingachipinde ndi bodza basi.

Tsono ndifike pa nkhani yeniyeni. Ndikhale bwino.

Chaka cha dzana, mwezi wotentha uja mvula isanagwe, tili pachulu, tinaona mayi wina akubwera wapansi, fumbi mpaka m'maondo. Anali Mai Esinati, wogulitsa tomato mumsika wa pa Nathenje, Mkhristu wa kwaya, kwawo kwenikweni ku Mulanje. Tonse tinkawadziwa. Anafika pansi pa chulu, anagwada.

A Mwalimu anatsika. "Kwagwanji, mayi?"

"Thirakitala, bambo. Akufuna kulima kumanda kwa matenanti."

Apa ndibwerere m'mbuyo, kuti amene sadziwa adziwe. A Mwalimu sanabadwire kuno. Anachokera ku Machinga ali mnyamata, kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Pamenepo panali anthu a mitundu yonse, a ku Thyolo, a ku Mulanje, a ku Machinga, ena a ku Mozambiki. Munthu akamwalira, kumunyamula kupita naye kwawo kunali kosatheka, ndipo manda a m'midzi yozungulira ali ndi eni ake. Mwini esiteti wa nthawiyo anawapatsa katchire kena kumapeto kwa minda. Koma mlendo alibe adzukulu omukumbira manda. Ndiye mnyamata Sumani anatola khasu. Anakumbira Asilamu, anakumbira Akhristu, anakumbira ndi amene sankadziwika kuti amapemphera kuti. Zaka zambiri ndithu, mpaka anasiya utenanti nagula makina.

Mai Esinati analinso pa esitetipo ndi amuna awo. Chaka china chikuku chinalowa m'makomboni. Iwo anathamangira ku chipatala ku Mitundu ndi khanda lawo, nagonekedwa komweko. Kunyumba anasiya mwana wamkazi wa zaka zisanu, dzina lake Felesiya, akusewera. Pobwerako patatha masabata awiri, khanda lili moyo kumsana, anapeza Felesiya anaikidwa kale. Amayi anzawo anawaperekeza m'mphepete mwa tchire lija, nawalozera ndi milomo. Uko. Cha uko. Iwo misozi ili m'maso anangogwedeza mutu. Mvula inabwera, udzu unamera, mitumbira inaphwa, timitanda tamitengo chiswe chinadya. Amuna awo anamwalira patapita zaka, ali ku ulendo kwawo, asanawalozerepo malo enieni. Matenanti anzawo anabalalika. Iwo okha anakana kubwerera ku Mulanje, chifukwa mwana ali kuno. Zaka zoposa makumi atatu, chaka chilichonse ankapita kukaima m'mphepete mwa tchire, kupempherera tchire lonse, osadziwa kuti mwana wagona pati.

Tsono esiteti ija inagulidwa ndi munthu wina. Manijala watsopano sanali woipa mtima ayi, ndisamunamizire. Anamva kuti pali manda, anaitana okalamba a m'midzi yapafupi nati amuonetse, pamene pali manda salimapo. Okalamba anafika, aliyense anatosa mlomo. Wina uku, wina uko. Manijala anati milomo isanu yaloza mbali zisanu, ndipo iye akuona tchire lathyathyathya lopanda mtumbira ngakhale umodzi. Anapereka mpaka Lolemba. Popanda womuonetsa malo enieni, thirakitala ilowa.

Mai Esinati atafotokoza zonsezi, anaweramitsa mutu. "Ine bambo, pamene pagona mwana wanga sindipadziwa."

A Mwalimu anakhala pansi, padothi pomwepo. "Mayi, zaka zonsezi ndimagula tomato kwa inu. Bwanji osandifunsa?"

"Manyazi, bambo. Mayi wanji wofunsa kwa anthu kuti mwana wake ali pati? Nanga inu bwanji osandiuza?"

"Ndinkayesa mukudziwa. Ndinkaopa kukutokosani chilonda."

Taonani ulemu wathu umene timanyadira! Anthu awiri kupatsana moni zaka makumi atatu, mwadzuka bwanji, tadzuka bwino, wina ali ndi ludzu, wina ali ndi chitsime m'thumba.

Lolemba m'mamawa tinanyamuka. A Mwalimu anakwera kabaza chifukwa miyendo inali itayamba kale kukana. Ife a pachulu tinatsatira, amene akanatha kuyenda. Paja ife amayi a Chisilamu sitilowa kumanda, ndiye tinakaima m'mphepete, pamzere womaliza wa fodya. Kunabweranso amayi a kwaya ya Mai Esinati, ndi anthu a m'midzi, kudzaona. Thirakitala inali pomwepo, yofiira, makasu ake ali m'mwamba. Tchire linali litapsa ndi moto wa alenje a mbewa, kuli bii, zitsa zokhazokha ndi phulusa. Kunena zoona, ngakhale ine ndinati apa palibe chimene munthu angapeze.

Chakumtunda kwa tchirelo kuli thanthwe, kutalika kwake ngati nkhokwe yaing'ono. A Mwalimu anati awakweze pamenepo. Amuna anayi anawanyamula ngati mtolo wa bango. Ataima pamwamba, anatsamira ndodo, anayang'ana uku ndi uku nthawi yaitali, pansi osayang'anapo ngakhale kamodzi. Kenako anaitana dalaivala wa thirakitala, bambo wamtali wa ndevu zake.

"Inu achimwene, msinkhu wanuwo ndi wanga wakale. Tatsikani mundibwereke miyendo."

Dalaivala anayang'ana manijala. Manijala anagwedeza mutu.

"Imani apa, msana ugunde thanthwe. Mukuiona nsonga ya phiri la Bunda? Maso anu akhale pamenepo, musayang'ane pansi. Yendani mmene mumayendera popita kwa akazi anu, osathamanga. Ndiwerenga ndine."

Anthu anaseka pang'ono. Dalaivala anayenda. A Mwalimu mkono tambasu, chala chopindika chija njo, kuloza kumanda poyera, anthu onse akuona. Amayi ena a m'mudzi anaphimba kumaso. A Mwalimu akuwerenga chapansipansi, milomo ikugwedera.

"Imani! Zalika. A Paulo a ku Thyolo, ankakonda kuimba posoka fodya. Palasani pamene pali phazi lanu lamanja. Pang'ono chabe, kuya kwa chikhatho."

Anamupatsira khasu. Anapalasa kamodzi, kawiri. Kachitatu tinamva khobo!

Njerwa. Njerwa yootcha, yofiira, yagona m'dothi.

Manijala anapita yekha kukaigwira ndi dzanja.

Apa ndi pamene a Mwalimu anaulula chimene anasunga moyo wawo wonse. Anati ali mnyamata anaona kuti mtanda umadyedwa, mtumbira umaphwa, mwala wapamwamba ana oweta ng'ombe amasuntha. Ndiye manda aliwonse amene anakumba, anthu akabalalika, ankatenga njerwa pa balani yakugwa ya fodya n'kuikwirira kumutu. Akatero ankabwerera pathanthwe, n'kuona kuti mandawo alunjika chinthu chiti chakutali, n'kuwerenga mapazi. Sanalembe paliponse. Ankangobwereza mumtima Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, dzina, phiri, mapazi, dzina, phiri, mapazi.

Mayo ine! Tsiku limenelo ndinaona munthu akuwerenga dothi ngati kalata.

"Bwererani pathanthwe. Tsopano phewa la phirilo, lakumanzere, pamene patsetsereka. Yendani. Imani! Tilika. Abiti Ndala a ku Machinga, anamwalira pobereka."

Khobo!

"Bwererani. Yendani. Pitanibe. Imani! Zalika."

Khobo!

Dalaivala thukuta lili kamukamu, koma sanadandaule. Pofika njerwa yachisanu anavula chipewa chake n'kuchiika m'thumba. Njerwa iliyonse ikapezeka, amayi a kwaya ankazikapo kamtengo. Ife m'mphepete tinayamba kuvomera tokha, osauzidwa. A Mwalimu akati zalika, ife zalika! Akati tilika, ife tilika! Abiti Kasimu ndi mano ake awiri aja ankavomera mokweza kuposa tonse, misozi ikutsikira m'khosi.

Dzuwa linafika pamutu, njerwa zitakwana khumi ndi ziwiri. Felesiya sanatchulidwe. Mai Esinati anali chiimire, manja atagwira pachifuwa, dzina lililonse likamatuluka ankatseka maso. Kenako a Mwalimu anatembenukira kumadzulo, natsitsa mkono.

"Otsalawo, ndi mwana wanu yemwe mayi, ndinawalunjika ku Dzalanyama. Pali pamene mapiri aja achita kampata ngati dzino lochoka. Koma taonani."

Tinayang'ana. Kumadzulo kunalibe phiri. Mwezi umenewo utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimatseka kumwamba, kumangooneka mbuu ngati ufa. Dzalanyama yense anali atabisala.

Manijala anayang'ana wotchi. Anati zimene waona zamukwanira, mbali ya njerwa khumi ndi ziwirizo aisiya. Koma mbali yakumadzuloyo ndi yaikulu, abwana ake akufuna mizere, ndipo thirakitala ndi yobwereka, mawa ibwerera kwa eni ake. Ngati kulibe choonetsa, lero lomwe ayambe.

A Mwalimu anati adikire. Manijala anafunsa kuti mpaka liti. Iwo anati mpaka phiri libwere.

Tinadikira. Dzuwa la mwezi umenewo mukulidziwa, limaphika munthu ngati mbatata. Anthu ankafuna kuwatsitsa a Mwalimu kuti akakhale pamthunzi, anakana. Anapempha madzi, anatawaza pathanthwe pomwepo, anaswali swala ya masana chokhala. Ena a m'mudzi anayamba kubwerera kwawo. Dalaivala anakakhala pansi pa thirakitala. Mai Esinati milomo inauma gwa.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinazungulira kuseri, kunja kwa manda, ndinafika pansi pa thanthwe, ndinanong'ona.

"A Mwalimu, ingolozani penapake. Mukuyerekeza ndithu mbali yake. Mayiyu mtima ukhale pansi, thirakitala ichoke."

Anandiyang'ana kuchokera pamwamba. Sanakalipe, zikanakhala bwino akanakalipa.

"A Nachisale, mayiyu analozeredwa kale penapake. Zaka makumi atatu wakhala akulira penapake. Mukufuna ndimuonjezere?"

Ndinabwerera pamzere wa fodya ngati galu woba mazira.

Nthawi ya swala ya madzulo inakwana, anaswalinso. Dzuwa linayamba kupendeka, kufiira. Manijala anaimirira, anakung'untha fumbi pa buluku, anaitana dalaivala. Dalaivala anadzuka pang'onopang'ono ngati wodwala msana, anayamba kufufuza makiyi m'matumba onse, ngakhale tonse tinkawaona ali pampando. Mulungu amudalitse bambo ameneyo kulikonse kumene ali.

Kenako a Mwalimu anaimirira okha, popanda wowagwira.

Ine sindinaone kanthu. Palibe anaona kanthu. Kumadzulo kunali kofiira basi. Koma iwo mkono unali utatambasuka kale.

"Achimwene, msana pathanthwe. Tsatirani chala changa kufikira muone nokha."

Dalaivala anathamanga. Anaima, anatsinzinira, anapukuta m'maso. Ndipo dzuwa litatsikira kumbuyo kwa utsi uja, taonani mzere wakuda ukutuluka pang'onopang'ono, ngati munthu akuujambula ndi khala. Dzalanyama! Ndi kampata kake komwe, dzino lochoka lija, poyera.

"Ndakaona, bambo! Ndakaona!"

"Yendani."

Ulendo uno anawerenga mokweza, ndipo tonse tinawerenga nawo, Asilamu, a kwaya, a m'mudzi, ndi manijala yemwe ndinamuona milomo ikuyenda. Makumi awiri. Makumi awiri ndi chimodzi. Mpaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

"Imani. Tilika." Anayang'ana Mai Esinati. "Felesiya. Tinamukulunga m'nsalu ya maluwa achikasu. Musagwiritse khasu. Mupeza theka la njerwa, ana ndinkawaikira theka."

Dalaivala anagwada, koma Mai Esinati anali atafika kale. Anamukankha pang'ono, anayamba kufukula ndi zala zawo. Phulusa, dothi, timizu. Kenako manja anaima.

Anaitulutsa. Theka la njerwa, laling'ono ngati sopo. Analipukuta ndi nsonga ya chitenje mbali zonse, analiyang'ana, analibwezera pamalo pake bwinobwino. Anakhala pansi, miyendo tambalale, dzanja lili padothi, nanena ngati akulankhula ndi mwana amene wangodzuka kutulo.

"Felesiya. Ndine amako. Ndachedwa, mwana wanga."

Kumanda saimba nthungululu, ndikudziwa, ndinaleredwa ndi anthu. Koma yanga inatuluka yokha. Inatuluka, inakwera, Abiti Kasimu anailandira, a kwaya anailandira, mpaka akhwangwala anabalalika m'mitengo ya bulugamu. Alihamudulilahi! Wina akuti aleluya, wina akuti Allahu akibaru, fumbi kobo, ndipo palibe anafunsa mnzake kuti iwe ndiwe wa mpingo uti.

Kuwala kusanathe anapeza enanso asanu. Koma mmodzi anawasowa, ndipo ndiyenera kunena, chifukwa iwo sakanalola kuti ndibise. Anali bambo wa ku Mozambiki, amene anafika pa esiteti akudwala kale, dzina lake lenileni osadziwika, ankangomutchula Mlendo. Tsiku loika maliro ake kunali mvula, mapiri onse atabisala, ndiye a Mwalimu analunjika mandawo ku mkuyu waukulu wa m'mudzi wina patsidya. Mkuyuwo anthu anadula kalekale. Anayesa katatu, dalaivala anapalasa katatu, dothi lokhalokha. A Mwalimu anakhala pathanthwe nalira ngati mwana. Ankati kamodzi kokha anakhulupirira chinthu chapafupi, ndipo taonani wamutaya munthu wa eni.

Manijala anayandikira, chipewa chili m'manja. Anati agogo musalire, poti mmodziyo sitikudziwa pamene ali, ndiye kuti ali paliponse. Tchire lonse likhale. Thirakitala inatembenuka makasu ake ali m'mwamba, osalawa dothi.

Loweruka lotsatira tinayesa kuwatamanda a Mwalimu pachulu, anatidula. Anati tabwerezani phunziro, Abiti Kasimu lilime lija likubisalabe.

Anakhala chaka china ndi miyezi. Anamwalira m'mawa wa Lachinayi, atangomaliza kupinda mpendero wa diresi ya sukulu ya mwana wa eni sitolo. Anati akupumeko pang'ono, anatsamira khoma, basi. Tinawaika tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo chathu. Amuna amene ananyamula jeneza, chonyamulira maliro chathu, akuti linali lopepuka ngati mulibe munthu. Mai Esinati anatseka benchi yawo ya tomato masiku atatu.

Sabata yathayi Mai Esinati anandipempha kuti ndiwaperekeze ku esiteti, poti mawondo awo ayamba kuvuta ndipo safuna kuyenda okha. Fodya wakula mbali zonse, wobiriwira, mizere yowongoka mpaka kumene maso alekezera. Pakati pake pali tchire lija, lokhalokha, lazunguliridwa ndi nkhadze zimene anabzala a kwaya pamodzi ndi amuna a ku mzikiti. Mitengo yaphukanso. Iwo analowa ndi tsache lawo, ine ndinatsala kunja monga mwa mwambo, pafupi ndi thanthwe.

Kunali kutagwa mvula dzulo lake, kumwamba kutatsukidwa. Bunda anali apo, nsonga yake ndi phewa lake. Dzalanyama anali uko, kampata kake kali mbee. Onse anabwera, onse anaima m'malo mwawo ngati akudikira kuitanidwa maina. Koma pathanthwe panalibe munthu. Pamwamba pake pamera ndere, m'mng'alu mwa mwala mwatuluka kaudzu. Panali gulo mmodzi yekha, wa mutu wabuluu, akuwothera dzuwa pamalo penipeni pamene panaima mapazi aja, akugwedeza mutu kuyang'ana kumadzulo, osanena kanthu.

Pansi pa thanthwelo payambira kanjira. N'kakang'ono, ka phazi la munthu mmodzi, udzu wake wafa chifukwa chopondedwa kawirikawiri. Sikakhota, sikapatuka, sikafunsa njira kwa aliyense. Kalunjika kumadzulo mapazi makumi awiri ndi asanu ndi awiri, n'kuima.